Mchere wa m'Ndowa ya Amayi Esnati

Ana anga, za ubwana wanga ku Katete ndazidumpha dala. Mbuzi zimene ndinkaweta zinadyedwa kalekale, ndipo palibe chimene mungatolepo. Ndiyambira pamene boma linandiveka khoti loyera n'kundiika mu labu yoyeza magazi, chifukwa ntchito imeneyo ndiyo inaumba munthu mukumudziwayu, wonunkhiza mkaka asanauthire mu tiyi, wofunsa kawiri kumene mwachokera ngakhale mwayankha kale. Amayi anu amati ndinabadwa wokayikira. Akunama, ndinachita kuphunzira, ndipo ndinakhoza bwino. M'mutu uno muli mayi wina dzina lake Esnati Mwanza, amene ntchito yake ndi mbiri yake zinakhalapo m'manja mwanga. Nkhani yake sindinakuuzenipo, ndipo amayi anu akuidziwa theka lokha.

Matero, chaka changa choyamba

Bwana wanga woyamba anali Bambo Sakala, mkulu wamfupi wa ku Petauke amene makiyi a kabati ankawamangirira ku lamba ndi chingwe cha nsapato. Masiku amenewo zinthu zinkasowa kwambiri. Timagalasi toikapo magazi, tija timati masilaidi, tinkatitsuka mobwereza mpaka tinkachita mbuu. Madzi amchere osungunulira magazi, amene timati salaini, a m'mabotolo sankabwera, choncho tinkapanga tokha: magalamu asanu ndi anayi a mchere pa lita imodzi ya madzi otcheza. Tsiku langa lachitatu ndinapanga botolo langa loyamba, n'kulembapo mwaluso, n'kuliika pashelefu. Bambo Sakala analitsitsa osandiyang'ana n'komwe.

"Wapanga ndani ili?"

"Ndine, bwana."

"Ndiye ndilikhulupirire chifukwa chiyani? Ndinalipo pamene unkayeza mchere?"

Ndinapsa mtima. Iwo anadzibaya chala ndi kasingano, n'kudontheza magazi awo pa masilaidi atatu. Poyamba anaikapo madzi wamba, pachiwiri madzi a mchere wambiri, pachitatu salaini wanga uja. Kenako anandikokera ku maikulosikopu, makina okuza tinthu ting'onoting'ono aja. Pa silaidi ya madzi wamba ndinaona maselo ofiira a magazi akufufuma, akuzimiririka, mpaka panatsala zithunzi zawo zokha. Pa ya mchere wambiri anali atafota n'kuchita makwinya ngati masau ouma. Pa yanga anali ozungulira bwino, odekha, ndipo mpamene mkuluyo anabwezera botolo pashelefu.

"Selo ndi kathumba ka madzi," anatero. "Madzi alibe nzeru, amangotsata mchere. Kumene mchere wachuluka ndiko amathamangira. Ukandiuza kuti botolo lili bwino, ndiwe munthu, ukhoza kunama kapena kulakwa. Magazi sanama."

Patapita masabata angapo anandionetsa china chimene sindinachiiwale. Anathira madzi pang'ono mu salaini kuti mchere uchepe, koma osati kwambiri, n'kundiuza kuti ndisiye ofiira, ndiyang'anitsitse selo limodzi loyera. Linafufuma, ine n'kudikira kuti liphulike. Silinaphulike. Tinamwa tiyi, ndipo pobwerera ndinalipeza litaphwa, lili pafupifupi monga poyamba. Ndinafunsa ngati anasintha silaidi ine nditatembenuka, ndipo anaseka koyamba chibwerere changa, amvekere wayamba kuphunzira. Anandifotokozera kuti pakhungu la selo pali timakomo tosaoneka ngakhale ndi makina athuwo. Selo likatupa, timakomo tina timatseguka n'kutulutsa mchere wa m'kati mwake, uja wa potaziyamu ndi kuloraidi, madzi n'kuutsata kunja, selo n'kuphwa. Likafota limatsegula njira zina zolowetsa mchere, madzi n'kubwerera. Anati ndi mmene ziliri m'thupi la munthu, la mbuzi, la nkhuku, ndipo maselo a mu ubongo amadalira zimenezi kuposa onse chifukwa ali m'chigaza chosatambasuka. "Ofiirawa ndi aulesi, sadzikonza msanga, n'chifukwa chake ndi mboni zabwino. Koma ngakhale anzeruwo amafuna nthawi. Ukawasinthira madzi mwadzidzidzi, timakomo timachedwa."

Ndinakhala nawo zaka zitatu. Anandiphunzitsa kukayikira botolo, sikelo, chizindikiro cha pabotolo ndi dzanja langa lomwe. Zitatu zoyambazo ndinazigwira msanga, ndipo pandekha ndinawonjezapo anthu.

Mtendere, George ndi Chawama, zaka khumi ndi zinayi zotsatira

Boma linandiyendetsa m'makomboni ngati katundu wosowa mwini. Kulikonse kusowa kunali komweko: lero kulibe magulovu, mawa magetsi azima magazi ali mu furiji, mkuja mankhwala opaka masilaidi atha. Ndipo kulikonse kukayikira kwanga kunkandipatsa ulemu. Ku Mtendere ndinagwira mlonda amene ankapungula sipiriti n'kudzazamo madzi. Ku George ndinatulukira bambo amene anabweretsa makhololo a mng'ono wake kuti apeze kalata yolowera ntchito. Ku Chawama ndinali ndi bwana wofatsa, wokhulupirira aliyense, amene ankasiya makiyi patebulo n'kupita kukadya. Ndinkamupeputsa mumtima, ndipo tsiku limene mabulangete anasowa ndinasangalala, ndikuvomera. Pamaso anthu ankanditcha ba Lab, kumbali ankati ba Kapokola, kutanthauza wapolisi. Nditamva dzina lachiwirilo sindinakhumudwe, ndinaliona ngati mendulo.

Inu nomwe mukukumbuka mmene ndinkawerengera nthuli za nyama mumphika ndisanapite kutchalitchi. Mwana wina, sindimutchula chifukwa pano ndi dikoni, anaphunzira kudula nthuli imodzi pawiri kuti chiwerengero chikwane. Ndinamugwirabe. Vuto la munthu amene wagwira akuba asanu enieni ndi loti wachisanu ndi chimodzi samufufuzanso, amangomuona pankhope. Ndinafika ku Kanyama ndili munthu wotero.

Kanyama, dzinja la chaka changa chachiwiri kumeneko

Amene sanakhaleko ku Kanyama nthawi ya mvula sangamvetse. Pansi pali thanthwe, madzi salowa, amangoima m'misewu ndi m'mabwalo mpaka kusakanikirana ndi za m'zimbudzi. Tinkapita kuntchito titavala majombo, nsapato zili m'pulasitiki. Ana otsegula m'mimba ankabwera ali kumsana kwa amayi awo kuyambira m'mamawa. Pakhonde la kiliniki tinaikapo mabenchi ndi ndowa yabuluu ya malita makumi awiri, yokhala ndi kampopi. M'menemo munkakhala madzi a moyo, aja osungunuliramo timapaketi ta mchere ndi shuga obwezera madzi m'thupi. Mayi ankakhala pabenchi n'kumamwetsa mwana ndi supuni, ndipo pochoka ankatungirako m'botolo kuti akapitirize kunyumba.

Wosakaniza ndowayo anali Amayi Esnati, amene ntchito yawo yeniyeni inali yokolopa. Anali mayi wamasiye wa ku Chadiza, wa ana atatu, wamtali, wosalankhulalankhula. Chizungu sankawerenga. Ankafika woyamba, kuwiritsa madzi, kuwaziziritsa, kung'amba timapaketi makumi awiri, kenako n'kuyala mapepala ake opanda kanthu patebulo la Asisita, mkulu wa kiliniki yathu, kuti aone. Kuyala mapepalako ine kunkandikayikitsa. Ndinkati munthu wosaba safunika kuonetsa kuti sanabe, ndipo ndinkadziwa kuti timapaketi totere timapezeka pamsika.

Lolemba lina ndinadutsa pakhondepo mabenchi onse ali odzaza. Ndinatunga pang'ono m'kapu n'kulawa, monga ndinkachitira nthawi zina. Mchere unali wochepa poyerekeza ndi umene lilime langa linazolowera kwa zaka zambiri. Amayi Esnati anali pomwepo, akufinya chokolopera.

"Ba Esnati," ndinatero mokweza, "aya ni manzi ya moyo olo ni manzi ya ku pompi?"

Amayi a pabenchi anaseka.

"Nayika twenty, ba Lab, monga masiku yonse."

"Twenty? Lilime yanga ikamba ati ten. Yenangu yaenda ku maliketi?"

Ndinanena ndikuseka, koma aliyense anaona kuti maso anga sakuseka. Mayi wina wonenepa anatunga, analawa, n'kulavula pansi. "Ni zoona, ni manzi chabe. Bana batu bazapola bwanji na ivi?" Wina kumbuyo anati, "Ba Lab sibanama, baona vonse pa mashini." Amayi Esnati anayang'ana ndowa, anayang'ana ine, n'kunyamula chokolopera chawo. Ine ndinalowa mu labu ndili wokhutira, ndipo pofika masana ndinali nditaiwala.

Komboni sinaiwale. Sabata yonseyo mayi aliyense ankayamba walawa asanamwetse mwana, ndipo mawu akuti kawalala, ndiko kuti wakuba, ndinawamva kangapo kudzera pawindo langa. Ndinamvanso kuti kumene Amayi Esnati ankatunga madzi amayi ena ankasuntha zigubu zawo iwo akafika, ndi kuti mwana wawo wamkazi anamenyana kusukulu chifukwa cha nkhani yomweyo. Kenako phokoso linatha. Amayi ankalawa, kugwedeza mutu, n'kunena kuti tsopano ndiye mankhwala. Ine sindinalawenso. Ndinaganiza kuti wakuba ndamuopseza ndipo wabwerera m'njira, ndipo ndinauza amayi anu kuti anthu ena amangofuna diso.

Masabata atatu pambuyo pake

Mwana wa miyezi isanu ndi itatu, dzina lake Naomi, anabwera ndi amayi ake masiku awiri otsatizana akutsegula m'mimba. Ankamwa pakhonde m'mawa wonse, ndipo amake ankatungira botolo lodzaza. Anali mayi wachichepere, wosamala, wa mtundu umene umachita chilichonse chimene wauzidwa kuchipatala. Tsiku lachitatu anafika akuthamanga m'madzi ofika m'maondo, mwana akugwedezeka thupi lonse, maso atatembenuka. Anati mwanayo ankalira ludzu kosalekeza, akamwa madzi a moyo ludzu n'kumakula, mpaka iye anamva chisoni n'kumupatsa madzi owiritsa, makapu angapo motsatizana. Mwana anamwa mwaphuma, anagona pang'ono, kenako n'kuyamba kukomoka. Asisita anamutumiza ku chipatala chachikulu nthawi yomweyo.

Mawa lake dalaivala wa ambulansi anabwera ndi kakalata ka dokotala wa ana. Kanali kachidule. Mchere wa sodiyamu m'magazi a mwanayo unali wokwera moopsa, ndipo anali wachitatu wochokera kwathu m'masiku ochepa, ngakhale awiri enawo sanafike pokomoka. Pansi panali funso limodzi: mukuwamwetsa chiyani? Asisita anandipatsa kakalatako nkhope ili gwa, n'kunena kuti popeza ndine wa labu, ndifufuze ndilembe lipoti.

Nditawerenga, ndinamva mawu a Bambo Sakala ngati aima kumbuyo kwanga. Masiku awiri aja magazi a Naomi ankachuluka mchere, ndipo maselo a mu ubongo wake, pokana kufota, anakhala akulowetsa mchere m'kati ndi kusunga zina zogwira madzi. Anadzikonza kuti akhale m'madzi amchere. Ndiye mwadzidzidzi kunabwera madzi wamba, makapu angapo. Madziwo anathamangira m'maselo odzaza mchere aja, timakomo totulutsa tisanathe kugwira ntchito yake, ubongo n'kutupa m'chigaza. Amake sanalakwe kanthu. Mwana akalira ludzu umamupatsa madzi, ndipo ine ndikanachita chimodzimodzi ndi aliyense wa inu.

Ndinayamba kukayikira aliyense. Ndinakayikira amake kuti mwina ankasungunula paketi yathunthu m'kapu imodzi kuti mankhwala akhale amphamvu, monga ena amachitira, koma paketi sanapatsidwepo. Ndinakayikira m'busa wina wa pafupi amene ankapatsa anthu mchere wopempherera, koma banjalo silinkapita kumeneko. Ndinakayikira madzi a pachitsime, ndinakayikira wosunga katundu. Pomaliza ndinatunga m'ndowa yabuluu, ndinatseka chitseko cha labu, ndinadzibaya chala. Maselo anga ofiira anafota nthawi yomweyo, onse makwinya okhaokha. Ndinabwereza ndi silaidi ina, n'kupeza zomwezo. Ndinasungunula paketi imodzi mu lita ndekha, ndipo mmenemo sanafote. Ndinauza Asisita kuti madzi a m'ndowa atayidwe, asakanize anamwino tsiku limenelo, koma chifukwa chake sindinauze munthu.

M'mawa mwake

Ndinafika mbandakucha n'kukhala mu labu, katani nditatsegula pang'ono. Amayi Esnati sanadziwe chifukwa chimene madzi a m'ndowa anatayidwira, choncho anachita monga mwa masiku onse. Anathira madzi, anang'amba timapaketi makumi awiri, ndinawerenga ndekha, anasanja mapepala ake. Kenako anayang'ana uku ndi uku, anamasula mfundo ya chitenje, n'kutulutsa pulasitiki. Anadzaza kapu ya tiyi ndi mchere wa m'pulasitikimo n'kukhuthulira m'ndowa. Mtima wanga unagunda ndi chimwemwe cha mlenje, ndipo ndimachita nacho manyazi mpaka lero. Ndinatuluka.

"Ba Esnati, ni chani ichi mwaika?"

Sanathawe, sanabise kapu. "Ni mchele, ba Lab. Wa ku nyumba kwanga. Sinatenge wa boma."

"Ndani anakuuzani kuyikamo mchele?"

"Kulibe. Bantu benze kukamba ati nikuba. Nayika twenty, bakamba ati ni manzi. So ninayikako supuni imozi, bakali kukamba. Supuni zitatu, bakali kukamba. Pamene ninayika kapu, ndiye banaleka."

"Muziba ati mwana ali ku chipatala chifukwa cha iyi kapu?"

Anakhala pansi pa simenti yonyowa. Kenako anafunsa kuti mwana uti. Nditatchula Naomi anagwira pakamwa, chifukwa ndi iwo amene ankathandiza amake kugwira supuni. "Nenze kuganiza ati nikuwonjezela mphamvu," anatero motsitsa. "Vipaketi va manje vilibe mchele monga vakudala, ba Lab. Ninaona kuti vachepa mu kwanja. Nenze kufuna kukuuzani, koma munanifunsa pa bantu."

Ndinaganiza kuti ndi bodza la munthu wogwidwa. Komabe mu dirowa yanga, mmene ndinkasunga chilichonse, munali paketi yakale. Ndinaiika pambali pa yatsopano. Maonekedwe anali ofanana, koma manambala a kumbuyo anali osiyana: yatsopano inali ndi mchere ndi shuga wocheperapo. Akatswiri anali atasintha kasakanizidwe dala, atapeza kuti kocheperako kamathandiza ana bwino. Ndinapita ku ofesi ya Asisita n'kutsegula faelo ya makalata ochokera ku boma. Kalata yofotokoza za kusinthako inalimo, ya miyezi iwiri m'mbuyo, ndipo m'munsi mwake munali masiginecha a onse amene anaiona. Yanga inali yachitatu. Ndinasaina osawerenga, chifukwa makalata otere ndinkawayesa macheza a anthu a m'maofesi. Amayi Esnati sanaonetsedwe n'komwe, poti wokolopa sasaina makalata.

Choncho Lolemba lija ndowa inali yolondola. Mayiyo sanabe paketi ngakhale imodzi. Cholakwa chinali lilime langa, ndipo ine, amene ndinaphunzitsidwa kuyesa botolo lililonse ndi magazi anga, tsiku limenelo sindinayese kanthu. Ndinangolawa n'kuloza munthu chala pamaso pa komboni yonse.

Lipoti

Asisita anati akuluakulu a ku ofesi ya boma abwera Lachiwiri, ndipo lipoti likhale lokonzeka. Ndinalilemba Lamlungu masana titachoka kutchalitchi, inu mukusewera panja. Ndinalemba awiri. Loyamba linali ndi zonse: kalata imene ndinasaina osawerenga, mawu amene ndinanena pakhonde, sabata imene mayiyo anatchedwa wakuba, kenako kapu ya mchere. Ndinkadziwa kuti akuluakulu akaliwerenga limenelo adzamudzudzula, mwina kumusamutsa, koma sadzamuchotsa, chifukwa mlandu ukanagawika ndipo gawo lalikulu likanagwera wophunzira, osati wokolopa. Lachiwiri linali ndi zoyezedwa zokha: maselo anafota, ndowa inali ndi mchere wopitirira, wosakaniza anapezeka akuthiramo mchere wa kunyumba, ndipo wavomera. Munalibe bodza ngakhale limodzi m'lipoti lachiwirilo.

Nthawi imeneyo dzina langa linali litatumizidwa kuti ndikakhale woyang'anira malabu a m'makiliniki angapo. Ndinali nditadikira zaka zambiri. Koma kunena zoona, udindowo sunali chachikulu. Chimene sindinathe kupirira chinali kuima pamaso pa anthu amene ndinawagwirapo ndi zolakwa zawo, n'kunena kuti ba Kapokola anasaina osawerenga ndipo ananamizira mayi wamasiye. Ndinadziuza kuti lipoti la labu ndi la zinthu zoyezeka, nthabwala ya pakhonde siyezeka. Ndinadziuza kuti dzanja limene linathira mchere si langa. Amayi anu anandiona ndikung'amba mapepala a lipoti loyamba n'kufunsa, ndipo ndinati ndalakwitsa kalembedwe.

Lachiwiri tinakhala mu ofesi ya Asisita: akuluakulu awiri, Asisita, ine, ndi Amayi Esnati ataima pafupi ndi chitseko atavala diresi lawo la kutchalitchi. Mmodzi wa akuluakuluwo, bambo wa magalasi, anawerenga lipoti langa mokweza n'kuliyamikira kuti ndi lomveka bwino. Kenako anatembenukira kwa mayiyo.

"Amai, muvomela kuti munayika mchele?"

"Nivomela."

"Chifukwa chani?"

"Bantu benze kukamba ati nikuba mapaketi."

"Bantu bati? Ndani anayamba?"

Apo Amayi Esnati anandiyang'ana. Sanandiyang'ane mwaukali kapena mopempha, anangondipatsa mpata, monga umachitira ndi munthu wamkulu pakhomo kuti alowe ndiye. Ndinayang'ana cholembera changa. Ndinamva wotchi ya pakhoma, ndinamva mwana akulira pakhonde, ndipo pakamwa panga sipanatseguke.

"Bantu chabe," anatero Amayi Esnati.

Anawachotsa ntchito tsiku lomwelo. Bambo wa magalasi anati achita mwayi kuti nkhani sipita ku polisi. Amayi Esnati anatulutsa epuloni imene anabwera nayo m'chikwama, anaipinda, anaiika patebulo, anagwada pang'ono kwa Asisita, n'kutuluka. Podutsa pa ine anati, "Musale bwino, ba Lab," monga ankanenera tsiku lililonse poweruka.

Pofika madzulo komboni inali itamva kuti mayi wokolopa ankathira poizoni m'mankhwala a ana. Amayi omwe aja amene ankagwedeza mutu kuti tsopano ndiye mankhwala ndiwo anatsogolera. Miyala inagwa padenga la Amayi Esnati masiku atatu, mwininyumba anawauza kuti sakufuna mavuto, ndipo Loweruka anthu anawaona akukweza katundu pa wilibala, ana atatu ali pambuyo. Naomi anatuluka m'chipatala ali moyo, koma dzanja lamanja linali lolefuka ndipo matenda akugwa sanamusiye. Amake ankabwera kudzatenga mankhwala mwezi uliwonse, ndipo ankandipatsa moni mwaulemu wonse, chifukwa ankadziwa kuti ndine amene ndinagwira wolakwa.

Udindo uja ndinaupeza. Ndinaugwira zaka khumi ndi chimodzi mpaka kupuma, ndipo ndinaugwira bwino. Ndinalamula kuti kalata iliyonse ya boma iziwerengedwa mokweza m'Chinyanja pamaso pa onse, okolopa ndi alonda omwe, ndipo anthu ankati ndi nzeru za munthu woona patali. Pa maulendo anga oyendera makiliniki ndinkafunsa mwakachetechete ku Chawama, ku George, ku Kalingalinga, ngati alipo akudziwa Esnati Mwanza wa ku Chadiza. Wina anati anamuona akuchapa zovala m'nyumba za anthu ku Bauleni, wina anati anabwerera kumudzi, wina anati anamwalira. Sindinafufuze mpaka kumapeto, ine amene ndinkatha kutsata botolo la sipiriti kwa mwezi wathunthu. Ndinkaopa kumupeza.

Bambo wa magalasi uja anafunsa funso loyenera, ndipo linakhala losayankhidwa zaka zonsezi. Ana a mayiyo, ngati ali moyo, ndi a msinkhu wanu, ndipo anakula akudziwa kuti amayi awo anachotsedwa ntchito chifukwa chovulaza mwana. Wina wa inu akadzakumana nawo, adzawaonetse tsamba lino. Amayi awo sanabe kanthu, ndipo mchere uja anauthira kuti asiye kutchedwa akuba. M'lipoti la boma muli dzina limodzi. Amene anayamba ndi Yonasi Mbewe, atate anu.